Kansalu Pamwamba pa Kompyuta

Bambo a mwana,

Mukapeza patebulo palibe kompyuta, musakuwe kuti kwabwera akuba. Ndainyamula ine.

Paja m'mawa munawonjezera liwiro la khadi la zithunzi la m'kompyutamo kuti vidiyo ya ukwati wa eniake ithe msanga, n'kuisiya ikugwira ntchito. Ine posesa ndinaona fumbi likulowa m'timabowo ta kompyutayo, ndiye ndinaifunditsa kansalu koluka kaja. Sindimadziwa kuti imapumira momwemo! Posakhalitsa mafani oiziziritsa anayamba kulira ngati chigayo, pasikirini panabwera mizeremizere yobiriwira, kenako zii.

Ndikuthamangira nayo kwa mmisiri. Pafoni wati mwina khadilo silinapse, yangozima yokha chifukwa cha kutentha, ndipo vidiyo yanu sinatayike. Watinso liwiro muzikweza pang'onopang'ono, uku mukuona mmene ikutenthera, osati kukankhiratu mpaka kumapeto ngati mmene mwachitiramu. Ndiye mlanduwu tigawana.

Pepani kwambiri, ndikudziwa mmene maso anu afiirira ndi ntchito imeneyi. Aimbireni akwati aja, muwapemphe adikire mpaka mawa.

Kansalu kaja ndafunditsa chakudya chanu. Kumeneko ndiye kutentha kukufunika.

Ine mkazi wanu