Mzere wa Anthu Asanu ndi Awiri

Mbayani,
Blantyre.
11 Juni, 2025

Okondedwa achemwali anga Anastasia,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Bangula pamodzi ndi alamu ndi mayi. Ine kuno ndili gwa ngati phiri la Ndirande, ndanenepa mpaka lamba akudandaula. Musadabwe kuona kalata. Foni ija ndaipatsa holide, inatopa ndi anthu oimba kuti andiyamikire. Adiresi ili pamwambayi isakudabwitseninso, ndifotokoza.

Uthenga wanu unandipeza kudzera kwa kondakitala uja. Akuti mwati ndigule tambala, ndikagwade kwa a Tcheya a Jameson, ndikapepese. Achemwali, mawondo angawa ndinabadwa nawo ouma, ngakhale abambo mfumu kutchalitchi anazolowera. Koma popeza nkhani yafika kwanuko itavala zovala za eni, imveni kwa mwini wake.

Mukudziwa kuti ndakhala m'komiti ya chipani kueriya kwathu zaka zisanu ndi zinayi. Molalo wa pamisonkhano yonse ndinali ine. Ndikayambitsa nyimbo ku Ndirande, agalu a ku Chilomoni amavina. Ndiye Loweruka lapitali kunali chisankho chachipulula, chosankha munthu woimira chipani paudindo wa phungu wa dera lathu. Sichili ngati chisankho chachikulu chija chokachonga uli wekha kuseri. Ichi n'cha poyera. Opikisana amawaimika pagalaundi, n'kuwamanga nsalu kumaso. Wenzulo ikalira, ife nthumwi timathamanga kukaima pamzere kumbuyo kwa amene tikumufuna, n'kutiwerenga mitu ngati mbuzi za pamsika. Wopikisanayo saona kanthu. Ena onse amaona, mpaka ogulitsa nzimbe.

Opikisana anali awiri. Olemekezeka a Godfrey, phungu wathu, amene nkhope yawo timaiona pamalaya kuposa pamsewu, ndi Mayi Zeinabu, aja ogulitsa matabwa kuseri kwa msika.

Pali kanthu kamene sindinakuuzenipo. Chaka cha namondwe chija madzi atakokolola kamlatho ka kumunsi kwathu, ana ankapita kusukulu akuvuula m'madzi onyansa aja. Olemekezeka anabwera patatha miyezi inayi, analonjeza mlatho wa simenti woti ngakhale sitima idzadutsepo, n'kukwera galimoto. Amene anapereka matabwa ndi Mayi Zeinabu. Amene anakhoma ndi mnzanga Wahabu kalipentala, ine ndikumugwirira misomali ndi kumulangiza. Tsono kampeni itayandikira, a Tcheya anatituma kuti tikapake kamlathoko penti ya chipani, tilembepo dzina la Olemekezeka. Burashi ndinagwira ndine, achemwali. Ndinalemba bwino kwambiri, zilembo zooneka uli ku Limbe. Mayi aja anadutsa penti isanaume, anandipatsa moni, n'kukweza nsalu kuti isadetsedwe. Anapitiriza ulendo wawo. Bola akanatukwana.

Ndiye tsikulo ndinapita nditavala malaya a nkhope ya Olemekezeka, mpunga wawo uli m'mimba. Ndisakunamizeni, ndinkapita kumzere wawo. Wenzulo italira, fumbi linabuka mpaka ndege zinalephera kutera ku Chileka. Anthu onse mbali imodzi! Ine pothamanga ndinadutsa pafupi ndi Mayi Zeinabu. Anali ataima chilili, manja kumbuyo, nsalu kumaso, kumbuyo kwawo kuli mbee. Ndinamva akufunsa chapansipansi, osadziwa n'komwe ngati pali wowamva.

“Kodi kumbuyo kwangaku kuli munthu?”

Miyendo yanga inaima yokha. Ndinaikalipira, koma inakana.

“Alipo, mayi,” ndinatero.

“Ndani?”

“Laurenti wometa.”

“Laurenti wa burashi? Uli wekha?”

“Ndekha, koma ine mmodzi ndi anthu fifite.”

Anaseka m'nsalu muja. Pamenepo a Tcheya anali atandiona. Anakuwa kuchokera uko: “Iwe Laurenti, wasokera! Mzere ndi uno!”

“Ndauona, a Tcheya! Wadzaza umenewo, ndikudikira minibasi ina!”

Galaundi yonse inagwa ndi phwete. Kenaka anatuluka mumzere muja a Bilal osoka nsapato, akukoka mwendo wawo uja, n'kudzaima kumbuyo kwanga. Anatsatira amayi anayi a pamsika, ndi munthu wina amene mpaka lero sindikumudziwa dzina. Tinakwana asanu ndi awiri. Enawo anali mahandiredi anayi ndi kanthu, owerenga anachita kupumira panjira. Ife kutiwerenga sikunavute. Atawamasula nsalu, mayi aja anatembenuka, anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kungoti, “Zikomo, ndakuonani.” Basi. Panopa akuti adzaima paokha mu Sepitembala, popanda chipani.

Lamulungu nditachoka ku misa a Tcheya anandiitana. Simukusowa kukumbutsidwa kuti ndi ndani munthu ameneyu kwa ife. Ndiye analandira malemu bambo atangofika kuchokera ku Nsanje ndi kachikwama kamodzi. Nyumba ndakhalamo zaka khumi ndi chimodzi ndi ya a Tcheyawo. Kashopu kometera kali pakhonde pawo. Sanakalipe ayi.

“Mwana wa Dennis,” anatero, “wandivula pagulu. Olemekezeka akufunsa kuti ndikusunga njoka yanji papuloti panga.”

“Njoka siima pamzere, a Tcheya, imakwawa.”

“Siya zoseka. Loweruka likubwerali kuli msonkhano. Ndikupatsa maiki. Ukanene kuti unali utaledzera, sunkaona bwino. Anthu aseke, uyambitse nyimbo, nkhani ithe. Ukakana, undipatse makiyi anga.”

Achemwali, mumandidziwa. Mabodza ndanenapo osawerengeka. Ndinauzapo anthu kuti ndinameta nduna itagona, kuti ndinawoloka Shire nditakwera ng'ona. Bodza la kuledzerali likanakhala laling'ono kuposa onsewo, ndipo anthu akanalikhulupirira msanga. Ndinalitafuna masiku awiri. Koma ndikati ndiyeserere pagalasi la m'shopu, bodzalo linkakana kutuluka. Tsiku la chisankholo sindinalawe dontho. M'zaka zisanu ndi zinayi zoimbira anthu ena, ndi tsiku lokhalo limene ndinaima pamene ndafuna ndekha, ndiye ndikalipereke kwa kachasu? Nanga a Bilal, amene anakoka mwendo kunditsata, ndidzawameta ndikuyang'ana kuti?

Alamu anu a Maggie sakuona choncho. Anandifunsa funso limodzi lokha: “Mzere wakowo tigonamo?” Kuyambira pamenepo akundilankhula kudzera mwa ana.

Makiyi ndinakapereka dzulo masana, dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. A Tcheya anakana kutambasula dzanja. Anati, “Bambo ako akanati chiyani?” Ndinati sindikudziwa, koma mlatho wa Mayi Zeinabu uja akanawolokapo. Ndinaika makiyiwo patebulo. Kunena zoona anandipulumuka n'kugwa pansi kawiri, chifukwa cha chisanu cha Junichi, osati china.

Choncho ndili ku Mbayani kwa Wahabu. Maggie ndi ana akugona kuchipinda ndi akazi ake a Ruqaya, ine ndili m'shopu ya ukalipentala, pakati pa zitseko khumi ndi ziwiri zatsopano. Ndiuzeni, ndi bwana uti mu Blantyre muno ali ndi zitseko zochuluka chonchi? Changotsala ndi makoma. Kumeta ndayamba pansi pa mtengo wa mango, ndi lezala ndi sizasi. Makasitomala akubwera mwaunyinji, lero abwera awiri.

Pempho langa ndi ili, ndipo ndikulemba mwachangu kuti ndisasinthe maganizo. Kwa Wahabu n'kochepa, ali ndi ana ake asanu. Ndikutumiza Maggie, Chisangalalo ndi Jonas ndi basi ya m'mawa Loweruka. Mundisungire mpaka ndipeze nyumba kwa landilodi wopanda chipani, ngati alipo. Sukulu adzapitiriza akadzabwera. Nthawi imene a Tcheya azikandidikira ndi maiki, ine ndidzakhala ndili kudepoti ndikukweza katundu. Ayambitse okha nyimbo, timve ngati agalu avine.

Musandiyankhe zondibweza, mungowononga pepala. Mu Sepitembala tikhoza kugwanso, ndikudziwa. Tigwe tili asanu ndi awiri, kapena asanu ndi atatu ngati Maggie angandikhululukire.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndevu zawo zindidikire. Mayi musawauze zambiri, mungoti zidzukulu zabwera kudzadya nsomba. Maggie akayamba kukuuzani kuti mchimwene wanu ndi chitsiru, musalimbane naye, mumupatse mpando anene zonse. Chisangalalo ali ndi chifuwa, asasambe madzi ozizira. Jonas akagona malo achilendo amakodza pamphasa. Musamukalipire, achemwali, ndiponso musamuseke. Mungoyanika mphasayo kuseri anzake asanadzuke, ndi mmene ndimachitira ine.

Ndine mlongo wanu wosagwada,
Laurenti