Adada Aphunzira Kumanga Lamba Okha

Chilomoni, Blantyre
20 Seputembala 1997

Achemwali anga a Dinah,

Mwaghona uko ku Kaseye. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo unkakuvutani uja unaphwa? Kuno tilipo, ine ndi adada. Kukutentha, fumbi lili ponseponse, ndipo m'mawa phiri la Michiru limaoneka ngati likuyandama pa utsi.

Munafunsa za adada. Chidwalire sitiroko ija dzanja lamanja likadali lende, koma mwendo wayamba kumvera. Amayenda ndi ndodo kuchoka pakhonde kukafika pampopi. Chichewa chinawathawa, atsala ndi chilankhulo cha kwathu chokha, choncho ku chipatala cha mafizo womasulira ndine. Taonani kumene zaka zitatu za kukoleji yosamaliza ija zinandifikitsa: kumasulira sopo, chimbudzi ndi kabudula wamkati.

Wowaphunzitsa ndi mayi wina wa ku Thyolo, a Sylvia, wamng'ono kwa ine koma wa digiri yathunthu. Tsiku loyamba sanawakhudze n'komwe. Anawaikira beseni, chipeso, malaya ndi mbale ya phala, n'kukhala pambali kumangoyang'ana. Anati akufuna aone zomwe adada angathe okha, zomwe angathe atagwiriziridwa pang'ono, ndi zomwe zawakanikiratu. Nditatambasula dzanja kuti ndiwaveke, anandiuza kuti manja angawo ndiwakhalire. Ndinawayankha kuti kwathu munthu woonerera bambo ake akulimbana ndi mkono wa malaya timamutcha mfiti. Anangomwetulira. Adada analimbana mpaka thukuta kamukamu, malaya n'kutsakamira m'khosi ngati goli la ng'ombe.

Kuyambira pamenepo akhala akuphunzira ngati mwana wa sitandade wani. Povala, dzanja lakufalo ndilo limayamba kulowa. Povula, ndilo limatsiriza. Sopo amamuika mu sokosi yopachika pa msomali kuti asawapulumuke. Msana amakhula ndi chinkhupule chomangirira ku kamtengo. Mbale amaikhazika pa chiguduli chonyowa kuti isathawe. Kudya ndi dzanja lamanzere anakana masiku angapo, ati mkulu wa mpingo sadya ngati wopanda mwambo, koma njala inawalalikira mpaka anatembenuka mtima.

Chodabwitsa n'chakuti akakhala pa kampando kosambira, adada sakhalanso ku Blantyre. Madzi akangowagwera paphewa amatsinzina, n'kuyamba kunena kuti nkhungu yatsika kuchokera ku nkhalango ya Mughese, kuti nthochi zikudontha mame, kuti wina akuitana ng'ombe kutsidya. Mitengo yawo ya khofi amaitchula umodziumodzi ngati anthu: uja anaubzala chaka chomwe munabadwa inu, uja wopindika womwe malemu amayi ankayanikapo mpango. Ine ndimaima kuseri kwa chitseko ndi thaulo, ndipo mosadziwa nane ndimapezeka ndili komweko, mapazi ali zii ndi dothi lofiira, fungo la maluwa oyera aja lili m'mphuno. Ngakhale ku sukulu ya pulayiveti komwe ndimaphunzitsa ana a anthu olemera omwe mitu yawo ndi maungu, nthawi zina choko chimaima chokha pa bolodi, ine ndili pamwamba pa phiri kuyang'ana mitambo ili kunsi kwanga.

Sabata zitatu zapitazo a Sylvia anawayesanso zonse, n'kunena kuti angathe kubwerera kumudzi. Anati chatsala ndi buluku lokha, kulikweza ndi kulimanga akachoka kuchimbudzi, koma chimenecho azimayi a pakhomo azidzawathandiza. Ndinaseka mpaka odwala ena anacheuka. Ndinawafunsa kuti azimayi ake ati. Amayi anatisiya. Inu muli pabanja panu, ulendo wa tsiku lathunthu. Achimwene a Blackson ali ku Mbeya ndi biashara zawo, malonda awo aja, amabwera pamene mphepo yawakumbutsa. Pakhomo pali alamu athu a Lettie okha, mkazi wa a Blackson, ndi tiana tiwiri tosadziwa n'komwe kupukuta mamina.

Ndinawafotokozera kuti kwathu mkazi wa mwana sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, satchula dzina lawo, ndipo akamva chifuwa chawo panjira amapatukira mu nthochi mpaka adutse. Iwo anati zimenezo n'zakale, ino ndi nthawi ya demokalase, ndipo matenda alibe manyazi. Ndinawauza kuti atenge digiri yawoyo akwere nayo ku Misuku akalalikire okha, tione ngati angapatsidwe ndi mpando womwe.

Adada anafunsa chomwe timakangana, ndipo ndinawamasulira osachotsa kanthu. Anatembenukira ku zenera. Kenaka anati kuli bwino aikidwe kuno pakati pa alendo kusiyana n'kuti a Lettie adzawakweze buluku. Anati mwana wa eni uja wawalemekeza zaka zonsezi, chakudya amatumiza chili chotentha, madzi osamba amawapeza ali kale kubafa ngati abwera okha, ndiye sangamubweze ndi chipongwe chotere. Koma anatinso khofi sachita maluwa chaka chino iwo kulibe. Achemwali, mtima wanga unagwa. Ndinaona kuti ngati buluku liwakanika, kumudzi sadzapondako, ndipo munthuyu kuno akufota ngati mbande yoiwalidwa mu chubu.

A Sylvia, ndiwapatse ulemu wawo ngakhale zikundiwawa, sanakwiye. M'mawa mwake anabwera ndi buluku loika lasitiki m'chiuno. Adada analiyang'ana ngati aona njoka, nati amenewo ndi makabudula a ana a sukulu ya mkaka, iwo amavala lamba. Ndiye anapangana njira ina. Lamba amamulowetseratu m'buluku asanavale. Chingwe chopachika m'khosi chimagwira buluku kuti lisagwere ku mapazi. Akaimirira amatsamiritsa phewa ku khoma, n'kumakoka mbali ino pang'ono, mbali inayo pang'ono. Anagwapo, anatukwanapo mawu omwe sindinkadziwa kuti mkulu wa mpingo amawadziwa, ndipo amenewo sindinamasulire.

Lachitatu lapitali anatuluka m'chimbudzi okha, malaya apisira mokhota, lamba ali nga. Sanayang'ane aliyense. Anangofunsa komwe kuli chipewa chawo.

Tinyamuka pakati pa Okutobala mvula isanadule msewu wa ku Karonga. A Blackson alonjeza kudzawalandira pa Kapoka, pamphambano yokwerera ku Misuku, ine ndidzatembenukira pomwepo.

Pempho langa ndi limodzi. Mutsogole kumudzi, mukapeze anyamata amange bafa ndi chimbudzi kuseri kwa nyumba, mbali yosayang'anana ndi khitchini ya alamu. Pa dzenje pakhale mpando wa matabwa, m'mbali mwa njira mukhale nsungwi yogwira, pakhoma msomali. Mukatha zimenezo, manja anu muwakhalire. Ndimakudziwani, chikondi chanu chili m'zala, simungaone munthu akuvutika ndi batani osalumphirapo. Mukawaveka sabata imodzi yokha, zonse zomwe akhetsera thukuta zidzasungunuka, inu n'kubwerera ku Kaseye, otsala pamoto n'kukhala a Lettie. Akachedwa, achedwe. Anthu akakunenani kuti ndinu ouma mtima, muwauze kuti analamula ndi Pius, dzina langa linaipa kale.

Pali kanthu kamodzi komwe munthu wa dzanja limodzi sangadzichitire: kuwenga zikhadabo za dzanja lomwe likugwira ntchitolo. A Sylvia anati tikhomere tupa pa thabwa azidzikhula okha, koma adada anakana, nati chimenechi safuna kuphunzira. Dzulo masana ndikuwawenga pakhonde, anatsinzina monga amachitira, n'kunena kuti zikhadabo zimakulanso ngakhale ku Misuku, ndipo kumeneko kulibe wodziwa kuwenga ngati ine. Ndinawakumbutsa kuti ndinalumbira kuti phiri lija sindidzalikwera wopanda pepala la kukoleji, kuti amayi a kumpingo omwe anandiperekeza ndi nthungululu asadzandiwerengere m'maso. Iwo anati chikhadabo sichifunsa satifiketi. Ndinangopitiriza kuwenga.

Choncho zikhadabozo musazikhudze, ngakhale zitafanana ndi za kabawi. Zikatalika mundilembere.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, kwa azakhali aku Wenya, ndi kwa amalume ngati makutu awo akumvabe. Kwa alamu a Lettie mukanene kuti ndagha, ndathokoza, ndipo asaope kanthu: apongozi awo akubwera atavala okha.

Ndine mlongo wanu wa pakamwa polasa,
Pius Kabaghe