Ana anga anagenda nyani wa mu lesitilanti

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Shikabeta. Bambo awo anamwalira wamng'onoyu, Fanwell, akali kumsana. Manje ali ndi zaka zinayi, mlongo wake Lister zisanu ndi chimodzi. Munda wanga uli m'tsinde mwa phiri, komwe anyani amatsika ngati tinalima nawo. Chimanga chikayamba kukhwima timaswera komweko, ndipo anawa anakulira pansanja yolondera. Nyani akangosuzumira, Lister amaomba chitini, Fanwell amaponya chilichonse chili m'manja.

Chikhalireni Rufunsa boma palokha, kwabwera antchito ambiri a ku Lusaka. Mmodzi ndi ba Donald, alangizi a zaulimi. Anayamba ndi kundilangiza za mbewu, manje afika pofuna kundikwatira. Ndimawakonda bambowa, Aphungu, sindibisa.

Mwezi watha anabwereka galimoto kuti atitenge tikadye pa lesitilanti ina yatsopano kufupi ndi Chinyunyu, m'mbali mwa msewu wa tala. Malowo anawakonza ngati kuthengo. Mipando ndi zitsa, operekera zakudya avala khaki ngati olonda nyama, pakhomo aimikapo chinjovu cha simenti. Fanwell anakana kudutsa mpaka ba Donald anachigogoda chitamba kuti aone kuti sichipuma. Tinakhala, kunabwera tchipisi, nkhuku ndi chimanga chootcha chopaka batala. Ana anadya mwaulemu moti ndinayamba kudzimva ngati mayi wa m'tauni.

Chimene sindinadziwe n'chakuti pamalopo analemba munthu ntchito yovala ngati nyani, mutu ndi mchira womwe. Sewero lake ndi kunyang'ama m'matebulo n'kumanamizira kuba chakudya cha ana. Ana a ku Lusaka amaseka, makolo awo n'kumajambula pafoni.

Mayo ine! Nyani uja anafika kumbuyo kwa Fanwell n'kutola chimanga m'mbale. Lister anakwera pachitsa, nakuwa kuti, "Nyaniii! Fanwell, mutsekereze uko!" Anagwira thireyi ndi supuni, ngwe ngwe ngwe. Fanwell anaponya chitsononkho, kenako botolo la tomato sosi, kenako anasolola malegeni m'thumba, amene ine sindinadziwe kuti wanyamula. Mwala unapeza nyani pamatako. Analumpha, nagunda tebulo la eni ake, zakumwa zonse pansi. Ndiye anazula chimutu chija n'kukuwa kuti, "Amayi, gwirani ana anu, ndine munthu ine!" Fanwell poona nyani wazula mutu wake womwe analira koopsa, nalowa m'chitenje changa.

Anthu anafa nacho chiseko. Koma mayi wina anayankhula mokweza kuti ndimve: "Ana akumudzi osabwera nawo malo ngati ano." Mawuwo anandilasa, ndinalakalaka pansi patatseguka.

Ba Donald analowa kuseri ndi mwini malo, natuluka akupukuta m'maso. Kaya inali misozi ya manyazi kaya ya phwete, sindidziwa. M'njira monse anangonena kamodzi kuti, "Lister ali ndi mawu, Fanwell ali ndi dzanja."

Manje nkhani ndi iyi. Alongo awo aakulu a ba Donald, ba Constance, amene anawalera makolo atamwalira, akubwera Loweruka linalo kuchokera ku Lusaka kudzandiona. Iwo akakana, ukwati palibe. Asankha kuti tikakumane pamalo omwe aja, ndipo ba Donald akuti, "Mubwere nawo asilikali athu." Mkulu wanga Regina akuti ndisayerekeze. Akuti ndimusiyire ana, ndikanene kuti akudwala malungo, adzaonekera ukwati utapsa. Ine mantha andigwira. Ndipite nawo kapena ndiwasiye?

E.M., Shikabeta

Mayi E.M.,

Ndaseka mpaka anzanga muofesi abwera kudzaona chimene chandigwera. Pepani, koma nyani ameneyo anaputa dala. Kuba chimanga pamaso pa ana a ku Shikabeta!

Tiyambe ndi ichi: ana anu sanalakwe mwadala, ndipo musawakalipire. Anachita zimene inu munawaphunzitsa, zimene zimadyetsa banja lanu chaka chonse. Anali asanauzidwe chabe kuti kuli anyani ena olandira malipiro. Mayi uja wa pakamwa musamusunge mumtima. Ana ake nawonso atafika kwanu angathamangire kukasisita nyani weniweni, inu n'kukhala wowalanditsa.

Pitani nawo. Ba Donald anaona nkhondo yonse ndi maso awo, koma abwereranso n'kutchula anawo kuti "athu". Mukufunanso umboni wanji? Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Misozi ija ine ndikuti inali ya phwete, anangoopa kuseka pamaso panu mukali ndi manyazi.

Koma musapite chimbulimbuli ngati poyamba paja. Tsikulo lisanafike, pemphani ba Donald akufikitseni pamalopo nthawi imene kulibe anthu. Mukapepese kwa munthu wovala nyaniyo, anawo apepesenso ndi pakamwa pawo, chifukwa mwala wa malegeni umawawa ngakhale woponya ali ndi zaka zinayi. Mutengereni kankhuku kapena nzimbe. Mumupemphe awaonetse chovalacho chili pansi, achigwire, Lister ayeseko chimutucho ngati afuna, kenako mwini wake achivale anawo akuona. Mantha a Fanwell athera pomwepo. Mwini malo mumuuze poyera kuti patebulo lanu nyani azidzapereka moni chabe, mbale asakhudze.

Patsikulo muwadyetseko kanthu musananyamuke, poti mwana wanjala sadziwa alendo. Sankhani tebulo lakumphepete, kufupi ndi khomo, kuti wina akatopa mutuluke naye kukaona chinjovu chija. Itanitsani chakudya chofika msanga. Ndipo mayi, pisani m'matumba a Fanwell musanakwere galimoto. Mukafika, pisaninso.

Nkhani ya nyaniyi ba Constance muwasimbire nokha, mukuseka, asanaimve kwa operekera zakudya. Pamalopo ana anu ndi otchuka kale, simungabise. Munthu amene analera mlongo wake mpaka kukula amadziwa kuti mwana ndi mwana. Sakubwera kudzaona ngati mumatha kugwira foloko, akubwera kudzaona nyumba imene mlongo wawo akulowa, ndipo nyumbayo muli Lister ndi Fanwell.

Maganizo a ba Regina ndi achikondi, koma ndi olakwika. Bodza la malungo lidzaululika tsiku loyamba Lister akadzacheza ndi azakhali ake atsopanowo, ndipo mudzakhala mwayamba chibale ndi kunamiza munthu amene mukufuna kuti akukhulupirireni. Komanso malungo si matenda oitanira mwana wako ndi pakamwa.

Chenjezo langa ndi ili. Mwina zonse zidzayenda bwino, mwinanso wina adzataya Fanta pa diresi la mlendo. Zikatero, maso anu asakhale pa ba Constance, akhale pa ba Donald. Akatenga kansalu n'kupukuta, nanyamula mwanayo, kwatiwani mtima uli m'malo. Akatsitsa mutu ngati sakuwadziwa, ndi bwino mudziwiretu tsiku lomwelo. Mukabisa anawa Loweruka limodzi kuti ukwati utheke, mudzapemphedwa kuwabisanso kuti ukwatiwo ukhale, ndipo ulendo umenewo sikudzakhala kwa Loweruka limodzi.

Aphungu