Minibasi ya Kuseri kwa Shopu ya a Fadila

Nathenje
9 Febuluwale 2021

Okondedwa Achimwene a Chipulumutso,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino ku Joniko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Ndaipatsira dalaivala wa thiraki amene amaima pano kudzagula mandimu, akuti amadziwa komwe mumagwira ntchito. Mudabwa kuti ndikulemberani pamene foni ilipo. Vuto la foni ndi lakuti mukangoti "muli bwanji chemwali", pakamwa panga pamayankha pokha kuti tili bwino, kenako mayunitsi amatha. Ndiye lero ndati ndikhale pansi ndikuuzeni komwe tikukhala ine ndi mwana wanga Tawina, chifukwa ndikuona ngati mumaganiza kuti ndinapeza kachipinda ka lendi. Ayi. Tikugona m'minibasi ya malemu alamu anu a Efulemu, kuseri kwa shopu ya a Fadila pano pa Nathenje. Ku Mitundu kwa amuna anga ananditsekera khomo, ndipo kwathu kwa amayi akuti sindingalowe mpaka inu mutabwera.

Minibasiyi mukuidziwa, yoyera ija munkaiseka kuti imatsokomola kuposa mwini wake. Alamu anu anazulamo mipando kalekale, naika matiresi kumbuyo kuti azigonamo akapita kogula mtedza ndi soya kumidzi. Chaka chatha, boma litalengeza kuti anthu atsekeredwa m'nyumba chifukwa cha mliri, pa Mitundu panali chipwirikiti. Anthu ankalimbirana shuga, sopo ndi mafuta ophikira ngati mawa kulibe, ndipo wina ndinamuona atasenza katoni ya machesi pamutu. Alamu anu sanafune kutsalira. Anabwera ndi minibasi itadzaza mchere, makandulo ndi sopo wamtanda, thukuta lili kamukamu, akudzitama kuti banja lawo silidzapemphapempha. Kutsekeredwako sikunachitike n'komwe, ndipo ndinawaseka chaka chonse. Lero sopo yemweyo ndi amene ndikuchapira, makandulo omwewo ndi amene akutiunikira. Munthu uja anagulira ife osadziwa.

Za matenda awo munamva mwachidule. Anayamba ndi litsipa, kenako chifuwa, ndipo okha ananyamula bulangete n'kukagona m'minibasi kuti asatipatsire. Ndinkawaikira phala pa sitepe, iwo n'kumandikodola pawindo kuti ndibwerere. Tsiku lomwe mpweya unayamba kuwavuta ndinawayendetsa ndine kupita nawo kuchipatala, poti anandiphunzitsa chiwongolero zaka zapitazo. Sanabwereko. Anabwera nawo a zaumoyo atavala zoyera thupi lonse, molunjika kumanda, ife titaimitsidwa patali. Pofika masana zonse zinali zitatha, anthu abalalika osasamba n'komwe limodzi. Ndinabwerera kunyumba, ndinatsuka mbale, ndinadyetsa nkhuku. Mumtima munalibe kanthu, achimwene, ndipo mpaka lero mulibe. Ndimadya, ndimagona, ndimawerengera anthu mandimu, koma zimakhala ngati akuchita ndi munthu wina ine ndikungoonerera.

Patangopita masiku ochepa, a Idesi, alongo awo a malemu, anabwera ataphimba mphuno ndi chitenje pamwamba pa masiki. Anaima pafupi ndi khola la mbuzi.

"Alamu," anatero, "anthu akuopa kutunga nanu pa mjigo. Bakhalani kwanu, mliriwu ukazizira tidzakuitanani. Nyumbayi tiitseke kaye, ipume."

Ndinawafunsa za kumeta ndi kusudzula, kuti nanga ndichoka bwanji ndisanamasulidwe.

"Ankhoswe anu ali ku Joni. Tisudzula pamaso pa yani? Galimotoyo tengani, palibe amene angaikhudze, muja munagona matenda."

Ndiye ndinalongedza mapoto, mbaula, zovala ndi mwana, n'kuliza injini. Sindinakangane nawo. Mphamvu zokanganira zinalibe.

Kwathu ndinafika dzuwa likupendeka. Amayi anatuluka, ataona minibasi anaima pa khonde osatsika. Akalamba, achimwene, ndipo shuga uja akuwavutabe. Anandipepesa ali chiimire pomwepo, kenako anati:

"Enelesi mwana wanga, iwe ukadali wa ku Mitundu. Sanakumete, sanakusudzule. Ukagona muno adzati unathawa pa maliro a mwamuna, ndipo nyumba ija, dimba lija, mwanayu sadzaonako kanthu. Mbumba ili ndi mwini wake. Abwere mlongo wako, akakhale pansi ndi eni ake, akulowetse ndi iyeyo."

Zimene ananenazo n'zoona, mwambo ndi umenewo, ndipo inu ndi amene munaimira ukwati wanga amalume atatisiya. Koma ndinaonanso maso awo, momwe ankayang'anira chitseko cha minibasi, ndi akazi a m'mudzi atasonkhana patali kuseri kwa nkhokwe. Mantha analipo. Sindinawaimbe mlandu, inenso ndikanakhala wa shuga ndikanaopa.

Ndinabwerera pa Nathenje chifukwa mafuta sakanandifikitsa kwina. A Fadila, amene ndinkaphunzira nawo ku pulayimale, ali ndi shopu pamsewu. Atandiona anangoti ndiimike kuseri, pafupi ndi thanki ya madzi, chimbudzi tizigwiritsa chawo. Atamva nkhani yonse anagwira pakamwa.

"Kwathu kwa Asilamu mkazi akaferedwa amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osatuluka, anthu n'kumamubweretsera chakudya," anatero. "Inu kwanu mukuchita kusowa nyumba yokhalamo?"

Ndinawauza kuti inenso ndili m'nyumba, kungoti yanga ili ndi magiya. Anaseka, kenako anapukuta m'maso.

Moyo wa pano ndi wotere. Mmawa ndimapinda matiresi, ndimatsitsa mbaula, Tawina amasesa pansi pa galimoto ngati pabwalo. Mvula ikagwa denga limalira moti sitimvana, ndipo pa windo lakumanzere pamadontha, ndinamatapo pulasitiki. Anthu ayambiranso kugula mopenga, koma ulendo uno si shuga. Ndi mandimu, jinja ndi adyo. Ndimu limodzi likugulidwa mtengo umene kale unkagula mulu wonse. Magalimoto a m'tauni amaima pamsewu, mabwana n'kutsitsa galasi pang'ono, kugula thumba lathunthu osanenerera. Mitengo ya bulugamu ya kuseri kwa msika yatsala mitu yokha, masamba anatha ndi ofukiza. Ine ndinaona kuti kulira sikudyetsa mwana, ndiye ndimapita cha ku Nkhoma kukagula mandimu m'makomo, n'kudzagulitsa kuno ndi ku Mitundu tsiku la msika. Ku Mitunduko a Idesi anandigulako kamodzi, ndalama anaika pa mwala, mandimu ndinawaikira pa mwala womwewo.

Masabata awiri apitawo apolisi anandiimitsa pamsewu. Inshuwalansi inatha mwezi wa Januwale, ine osadziwa, poti zimenezo ankaona ndi malemu. Wapolisiyo anasuzumira mkati, anaona matiresi, mapoto ndi mwana akudya chimanga chootcha. Kenako anati, "Mayi, lero pitani, koma sitika iyi ndikaionanso galimoto igona kwathu." Galimoto ikakagona kupolisi, ife tikagona kuti? Ndiye ndinayamba kuyendayenda kufunsa mitengo ya inshuwalansi.

Woyamba anali bambo wina wa mu kontena pano pa Nathenje. Anati minibasi ndi ya anthu, ndilipire ya anthu. Ndinamuuza kuti mulibe mipando, munthu amene ndimanyamula ndi mmodzi, ndinabereka ndekha. Iye anati buluu buku ikunena za anthu, basi. Mtengo wake ndinangothokoza n'kutuluka. Wachiwiri, ku Mitundu, anati poti ndimanyamula mandimu ndi ya katundu, koma ndiyambe ndakasintha mapepala m'tauni, komwe akuti anthu akulowa owerengeka ndipo mzere umayambira kunja kwa mpanda.

Lolemba la sabata yatha ndi pamene munaimba foni ija. Munati abwana anu anena kuti amene apite kwawo asabwerenso, ndipo malire ndi ovuta, ndiye ndipirire, mubwera Disembala tidzakonze zonse mwadongosolo. Ndinakufunsani ngati simungayankhule ndi a ku Mitundu pa foni. Munati nkhani ya maliro saikamba pa foni ngati malonda a mbuzi, angationere kuchepa. Ndinati chabwino achimwene. Sindikukudandaulani. Ana anu akudya ntchito imeneyo, ndipo feteleza wa amayi amachokera komweko.

Lachiwiri ndinapita m'tauni, ku ofesi ina yaing'ono imene a Fadila anandilozera. Pakhomo ananditsira sanitayiza, mkati munali mtsikana atakhala kuseri kwa pulasitiki yolendewera. Anandifunsa kuti galimoto imagwira ntchito yanji. Ndinamuuza zonse, kuti timagonamo, timasungamo ziwiya, masana imanyamula mandimu.

"Ndiye usiku imakhala pakhomo panu?" anafunsa.

"Pakhomo pake ndi yomweyo," ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa masiki, kenako anayamba kundifotokozera mwaulemu kuti azungu ali ndi magalimoto otero, okhala ndi bedi ndi khitchini, amapita nawo ku holide kukaona nyama, ndipo ali ndi inshuwalansi yawoyawo, koma iye chiyambire ntchito sanagulitsepo. Ndinamuuza kuti alembe kuti ndili pa holide. Sanaseke. Anapita kukafunsa abwana ake, atabwerako anati andipatsa ya wamba, yongoteteza amene ndingamugunde pamsewu, bola ndisakweze anthu olipira. Ndinafunsa ngati ikuteteza matiresi ndi mapoto moto utabuka. Anati ayi. Ndinati palibe kanthu.

Kenako anafunsa kuti, "Ya miyezi itatu kapena ya chaka?"

Achimwene, ndinapita kumeneko ndi maganizo a miyezi itatu. Koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti ya chaka. Ndinapereka zonse za mandimu, ndinalandira kapepala, ndinakamata pa galasi ndi manja anga, mpweya ndinaufinya ndi chala kuti pasatsale thovu. Sindinamve chisoni kapena mkwiyo. Ndinangoona kuti ndamata mowongoka.

Amayi akhala akubwera Lachisanu lililonse. Amatenga kabaza kuchokera kumudzi, amaika maungu kapena chimanga pa njerwa pafupi ndi thanki, n'kubwerera m'mbuyo, timacheza motalikirana ngati anthu a milandu. Lachisanu lapitali anaona sitika yatsopano ikuwala pa galasi, anafunsa kuti n'chiyani. Ndisanayankhe, Tawina, amene amanyadira kuti ali sitandade 2, anakwera pa bampala n'kuwawerengera mokweza: Febuluwale 2022.

"Chaka chamawa?" anafunsa amayi.

Ndinati eya, achimwene akuti Disembala, ndipo Disembala wa ku Joni timamudziwa.

Anakhala chiimire nthawi yaitali akuyang'ana galasilo, kenako anaitana wakabaza uja n'kumapita osatsanzika. Ndinaganiza kuti ndawakhumudwitsa, ndinapitiriza kusankha mandimu owola. Madzulo ake, a Fadila akutseka shopu, ndinaona kabaza yemweyo akubwera, amayi ali pambuyo, pamiyendo atanyamula mtolo wa zofunda, m'manja botolo la mankhwala awo a shuga. Anatsika, anadutsa njerwa ija osaima, anafika pa chitseko cha minibasi n'kuyamba kulimbana nacho, poti chimafuna kuchinyamula pang'ono.

"Amayi, muja munagona matenda," ndinatero.

"Ndikudziwa. Tsegula."

"Nanga mwambo?"

"Mwambo ukuti iwe usalowe m'nyumba mwanga. Sunanene kuti ine ndisalowe mwako. Tsegula, miyendo ikundiwawa."

Ndinatsegula. Anakwera chokwawa, anavula masiki, anamukoka Tawina n'kumuika pamiyendo, koyamba chimwalirire bambo ake. Ine ndinangosuntha mapoto kuti apeze poika mapazi.

Ndiye tilipo atatu. Nyumba ya kumudzi aikhoma loko, makiyi amanga pa chitenje, nkhuku asiyira aneba. Ndawachonderera kuti abwerere, chifukwa pano pamadutsa anthu ambiri ndipo ine ndimagwira ndalama za aliyense tsiku lonse. Akukana. Dzulo anayetsemula kawiri, ndinasiya kusenda jinja n'kumawamvetsera mpaka anandikalipira kuti ndi fumbi chabe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze azivala masiki. Tawina akuti moni amalume, akuti mudzamubweretsere nsapato za sukulu, koma mudzagule zokulirapo. A Fadila akupereka moni. Mukadzabwera musadzavutike kupita kumudzi, kulibe munthu. Mudzatsike pa Nathenje, mudzafunse minibasi yoyera, ndipo mukadzapeza palibe ndiye kuti tapita ku msika ndi nyumba yomwe.

Amayi akupatsani moni. Ali pompano, agona chopinda miyendo pa matiresi a alamu anu chifukwa kutalika kwake sikukwana. Ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Akuti ndikuuzeni kuti musafulumire, gwirani ntchito, talipira ya chaka.

Ndine mlongo wanu,

Enelesi