Chambiko Chinakwera Ndege

Amayi, kodi muli bwanji uko muliko?

Ine ndilipo, kungodzuka poti kwacha. Musadabwe kuti ndalemba m'Chichewa. Ndi chimene anatiphunzitsa kulemba kusukulu, ndipo Chitumbuka ndikati ndichiike papepala ndimayamba kulira mzere usanathe. Mumva ndithu. Si inu munkawagonjetsa pakamwa amalonda a ku Kasungu pa msika wa Jenda?

Kuno ku Champhira zinthu zili momwe munazisiyira, kungoti zakalamba. Mvula inadula chimanga chikumasula, moti nkhokwe yangofika m'chiuno. Mdzukulu wanu Tamara anabereka mwana wamkazi, tinamupatsa dzina lanu, ndipo kukamwa ndi inu ndithu, akayamba kulira mudzi wonse umadziwa. Khola linagwa mbali ya kudambo, ndinamanganso. Ng'ombe yanu ya mawanga ija ikadalipo, ikukamidwa.

Ndikuzungulira dala, Amayi. Nkhani ndi ya mwana wanu woyamba, achimwene anga a Wongani. Akudwala ku Joni kuja, ndipo si matenda oti munthu n'kudzukanso. Madokotala akuti ndi khansa ya kummero. Inayamba kukana nsima, kenako mpunga, kenako phala. Mlamu wanga NyaShaba, mkazi wawo, ndiye akuwasamalira m'kachipinda kawo. Kubwera nawo pa basi sizingatheke, munthu amene sangathe kukhala tsonga ola limodzi angadutse bwanji Zimbabwe ndi Mozambiki?

Tsiku lina pa foni ndinawafunsa chimene mtima wawo ukufuna. Anati, “Tiwonge, chambiko cha m'chipanda cha Amayi. Chokhacho chingadutse pakhosi pano.” Ndinati kodi ku Joni kulibe mkaka wowawasa, si wodzaza m'masitolo? Anaseka, kenako kutsokomola. Anati, “Uja ndi wa m'makina, mbwenu sununkhira utsi wa kwathu.”

Chipanda chanu sindinachisiye. Ndimachisamala momwe munandiphunzitsira: sopo sachikhudza, ndipo pothira mkaka watsopano ndimasiyamo pang'ono wakale kuti udzutse unzake. Munkati, “Chambiko n'chamoyo, chimapuma. Usachitseke pakamwa ngati mfiti, usachiike pamoto, ndipo nsomba isachiyandikire.” Za nsombazo munkanena mutatukula mphuno, Mngoni weniweni. Tsiku lija atate anabwera ndi usipa munawaphikitsa okha kuseri kwa khola, ife n'kumaseka.

Anyamata amene amanyamula katundu pa msewu kupita ku Joni anakana. Ufa, nyemba, mfutso amatenga, koma chambiko anati masiku a m'njira ndi ambiri, chikaphulika chiwaonongera katundu wa anthu. Ndiye namwino wina wa kuno, wochokera ku Dowa, anandiuza za bambo wina wa ku Lumbadzi amene amatumiza chambo pa ndege kwa a Malawi a ku Joni. Anati ndege imanyamuka m'mawa, masana katundu wafika. Amayi, ndinavina. Ulendo umene achimwene anayenda masiku anayi, chambiko chiyende maola ochepa!

Ndinakama ya mawanga ija, ndinadikira masiku atatu mpaka chinagwira bwino, cholemera, chonunkhira ngati m'nyumba mwanu. Ndinathira m'mabotolo awiri, n'kukulunga m'chitenje chonyowa. Pa Jenda ndinakwera basi mbandakucha, mabotolo pamiyendo ngati khanda, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndanyamula mankhwala a kwa sing'anga.

Inu simunafikeko ku bwalo la ndege. Anthu amalowera khomo lawo, katundu ali ndi lake kumbali, nyumba yaikulu ngati shedi ya fodya. Bambo wa nsomba uja anali munthu wabwino, sindingamunamizire. Anandionetsa mabokosi oyera opepuka ngati chitsononkho, mmene amayalamo nsomba zouma gwa ndi chisanu, n'kuthiramo ayezi wina wofuka utsi amene akuti ukamugwira ndi dzanja amawotcha. Bokosi lililonse amalimata, amaliyeza pasikelo, amalilemba, ndipo liyenera kulowa nthawi isanakwane, apo ayi ndege imalisiya. Za mapepala anati ndi mutu wake, ine ndisavutike.

Kenako anandilozera zitseko ziwiri. Anati, “Mayi, uku n'kozizira chabe, kuli masamba ndi zipatso, zinyamuka Lachisanu. Uku n'koundana, kuli nsomba zangazi, zinyamuka mawa. Zanuzi tiike kuti?”

Amayi, kwathu kuno kuzizira n'kumodzi. Kwa mu Juni, kwa ku Chikangawa, kwa madzi a mumtsuko, konse timangoti kwazizira. Ndinaganiza kuti kuzizira kukachuluka ndiye kusunga kwabwino, ndipo mawa ndi pafupi kuposa Lachisanu kwa munthu amene akutha tsiku ndi tsiku. Ndinayankha msangamsanga, “Kozizira chomeneko, kwa nsombako, bambo, yewo.” Sindinafunse kuti kuundana kumachita chiyani ku chambiko. Iyenso sanafunse, ankaona ngati ndi mkaka wamba. Ndinaona ndi maso angawa akumanga zitsekero ndi tepi, akugoneka mabotolo anga pakati pa chambo, ndipo mawu anu onse atatu aja sanandibwerere. Anandibwerera ndili m'basi, tadutsa kale Mponela. Safunsa anadya phula, Amayi, koma phula langa anadya ndi achimwene.

Ndege sinachedwe, sindingainene. Tsiku lotsatira madzulo NyaShaba anali atalandira mabotolo, olimba ngati miyala. Anawaika m'beseni kuti asungunuke. Mawa lake achimwene anandiimbira okha. Mawu awo anali ang'ono, koma anati, “Mlongo wanga, yewo chomene. Ndamwa. Ndi cha Amayi chenicheni.” Ndinagwada pabwalo pomwepo, ndinathokoza Mulungu mokweza mpaka nkhuku zinathawa.

Patapita masiku atatu NyaShaba anandiimbira ali panja, kuti iwo asamve. Anati, “Alamu, sindifuna kukubisirani.” Akuti chitasungunuka chinalekana, madzi achikasu pamwamba, pansi timibulu ngati mchenga. Anakhutchumula, sichinagwirizanenso. Botolo limodzi linang'aluka ndi kuundana kuja, fungo la nsomba n'kulowa. Achimwene ananunkhiza, kenako anati awapatse sipuni imodzi. Timibulu tija tinawatsamwa, anasanza mpaka magazi. Atapuma anati, “Ndipatse foni, ndimuuze Tiwonge kuti chafika bwino. Wavutika mwana uja.”

Ndinachipha ndine, Amayi. Munati n'chamoyo, ine n'kukachitseka pakamwa, kuchiumitsa, n'kuchigoneka ndi nsomba. Ndikadadikira Lachisanu! Masiku atatu okha, ndipo nthawi imeneyo pakhosi pawo pankadutsabe kanthu. Ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya makofi. Ndakwiyira bambo wa nsomba, ndakwiyira ndege, koma ndikamaliza kuzungulira ndimapeza kuti pakamwa pamene panayankha ndi panga.

Bambo uja atamva anadandaula kwambiri. Anati ndibweretse china, achiika kozizira chabe, m'bokosi lakelake, ndi madzi oundana m'mbali kuti chisafunde komanso chisaume. Chili m'chipanda panopa, chagwira bwino kuposa choyamba chija. Koma NyaShaba akuti ndisavutike. Kuyambira Lamulungu ngakhale madzi sakudutsa, akungowanyowetsa milomo ndi kansalu. Ndiye ndimangochiyang'ana. Kumwa sindingathe, kutaya sindingathe.

Dzulo amalume anandituma ndifunse bambo yemweyo ngati ndege imanyamulanso maliro. Ndinafunsa. Anati inde, amatulukira khomo lomwe lija la katundu, mapepala akakhala bwino sizichedwa. Munthu akadali moyo, Amayi, ife tikufunsa kale za bokosi. Ndinadula foni osatsazika.

Kotero ndikukudziwitsani kuti mlendo akubwera kwanuko, ndipo afika kwa inu asanafike kwa ine. Abwera ndi njala ya miyezi. Ngati kumeneko kuli ng'ombe, kamani lero kuti adzapeze chitagwira.

Ine ndikulonjeza kuti ndidzakawachingamira pa khomo lija, ndidzabwera nawo kuno, ndidzawagoneka pafupi ndi inu. Chipanda chanu sichidzauma ine ndili moyo. Chimodzi chokha ndikupempha: mukawaona, musawafunse za chambiko chimene ndinatumiza. Adzakuuzani kuti chinali chokoma.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,
Tiwonge