Mkanjo wa Tikiti Nambala 412

KOMITI YA AMALONDA A MU MSEWU WAUKULU, TAUNI YA TILLSON FALLS
Zolembedwa za msonkhano wa mwezi wa Malichi

Tsiku: Lachiwiri, 12 Malichi 2024
Malo: Chipinda chapansi cha laibulale ya tauni

Opezekapo
Bambo Rudy Kowalczyk, Wapampando (sitolo ya misomali ndi penti)
Mayi Lorna Thibodeau, Mlembi (sitolo ya mabuku)
Mayi Opal Brandvold (malo ochapira ndi kusitira zovala)
Bambo Desmond Achterberg (mwini nyumba za lendi)
Bambo Sal Ferrante (ometa tsitsi)

Opepesa
Mayi Yun-hee Seo (malo odyera). Wophika wawo wapeza ntchito kumzinda, ndiye ali okha kukhitchini.

Osapezeka
Woimira Koleji ya Tillson. Mpando wake unaikidwa monga mwa nthawi zonse.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 4:10 madzulo, mochedwa ndi mphindi khumi, chifukwa anayamba alimbana kaye ndi chotenthetsera m'chipinda chimene chakhala chikutsokomola kuyambira Novembala. Anathokoza Mayi Brandvold chifukwa cha keke ya maapozi imene anabweretsa. Anakumbutsa mamembala kuti uwu ndi msonkhano wachiwiri chilengezereni koleji kuti itseka kotheratu mu Juni, itakhala zaka 131 pamwamba pa phiri lathu. Anapempha kuti lero pasakhale kulozana zala, popeza oyenera kulozedwawo sanabwere.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Bambo Achterberg anadandaula kuti pa mfundo yachitatu panalembedwa kuti iwo "anamenya tebulo". Anati anangoikapo dzanja. Bambo Ferrante anati dzanjalo linaikidwa bwino kwambiri moti khofi wawo anathera pa buluku. Anagwirizana kuti palembedwe kuti "anaika dzanja pa tebulo mwamphamvu". Mlembi wakonza, ngakhale analipo ndipo anaona ndi maso ake.

3. Momwe kutsekaku kukhudzire malonda

Wapampando anati sabata imodzi ya Ogasiti, ophunzira akamafika ndi makolo awo, amagulitsa katundu woposa wa Januwale, Febuluwale ndi Malichi kuphatikiza pamodzi: mababu, maloko, zokolekera zovala, ndowa. "Ana aja sadziwa n'kukhoma msomali komwe," anatero, "koma aliyense amafuna hamala yakeyake." Anati chaka chino sanaitanitse katundu wa Ogasiti, ndipo aka n'koyamba chiyambire nthawi ya bambo awo.

Bambo Ferrante anati pa mitu khumi iliyonse imene amameta, isanu ndi umodzi imatsika kuphiri. "Yotsalayo ndi ngati wa a Desmond uwu, dazi lokhalokha. Ndimawalipiritsa chifukwa chofufuza tsitsi, osati kumeta." Wapampando anapempha kuti abwerere pa mfundo.

Mlembi anakumbutsa kuti nkhani si ya ophunzira mazana asanu ndi limodzi okha ayi. Pali anthu oposa mazana awiri amene amaphika, kusesa, kulondera ndi kuchotsa chipale chofewa m'misewu ya koleji, ndipo onsewo amagula kwa ife. Basi ya kumzinda imaima pano chifukwa cha koleji. Sukulu ya pulayimale itaya ana a aphunzitsi a pakoleji. Mlembi ananenanso kuti iye mwini anafika m'tauni muno mu 1991 ndi sutikesi imodzi, akuti adzakhala zaka zinayi, ndipo mpaka lero sanachoke.

Bambo Achterberg anati akhala zaka makumi atatu akudandaula za phokoso, mawindo osweka ndi masofa osiyidwa pakhonde pamvula. Tsopano ali ndi nyumba zisanu ndi zinayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene wasaina kuti adzalowe mu Seputembala. "Ndinkati tsiku limene adzachoke ndidzagona tulo tabwino. Onani, sindikugona." Palibe anaseka.

Chigamulo: Mlembi alembere khonsolo ya tauni kupempha msonkhano wokambirana zimene zidzachitike ndi nyumba za koleji.

4. Perete womaliza ndi pempho la Mayi Brandvold

Wapampando anati mwambo womaliza wopereka madigiri udzachitika Loweruka, 18 Meyi. Monga mwa mwambo wathu, omaliza maphunziro adzatsika kuphiri atavala mikanjo yawo, n'kudutsa Msewu Waukulu wonse, ife titaima pamakomo a masitolo kuwaombera m'manja. Onse anavomereza kuti chaka chino sitolo iliyonse idzatseke kwa ola limodzi.

Mayi Brandvold anapempha kulankhula. Anaimirira, ngakhale Wapampando anawauza kuti atha kukhala. Anati mikanjo imagulidwa itapindidwa m'mapepala, yamakwinya okhaokha, ndipo chiyambire 1979 mkanjo uliwonse umene watsika msewu uno unadutsa kaye m'manja mwawo. Anati sakudzinyenga: popanda koleji bizinesi yawo yatha, ndipo ali ndi zaka 76. Sakupempha kuti aipulumutse. Vuto n'lakuti mgwirizano wawo wa lendi ndi Bambo Achterberg ukutha pa 30 Epulo, pamene mikanjo imafika sabata yoyamba ya Meyi. Anapempha masiku khumi ndi asanu ndi atatu okha, kuti asite mikanjo 140 yomalizayo.

Bambo Ferrante anafunsa ngati sangasitire kunyumba. Mayi Brandvold anati makina awo ositira ndi nthunzi anakhomeredwa pansi ndi malemu amuna awo, a Walt, ndipo sangasunthe. Ayironi ya pamanja phewa lawo silingathenso. "Ndikasita isanu, wachisanu ndi chimodzi udzandisita ineyo."

Bambo Achterberg anayankha ataweramitsa mutu. Anati nyumba imene muli malo ochapirawo yapeza wogula, kampani ina yofuna posungira katundu, ndipo ikufuna makiyi pa 1 Meyi. Anati m'tauni imene aliyense akugulitsa, ameneyu ndi wogula yekhayo amene waimba foni. Akamuchedwetsa, apita kwina. "Mayi Opal, sindine munthu woipa. Ndikumira ngati wina aliyense muno."

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero Mayi Brandvold. "Ndinangoti ndifunse." Anakhala pansi n'kuwakankhira mbale ya keke.

Bambo Ferrante anayamba kunena mawu ena okhudza mtima wa eni nyumba za lendi. Wapampando anawadula. Mawuwo sanalembedwe.

Chigamulo: Pempho silinatheke. Mlembi akulemba izi mosakondwa, popeza mkanjo wake womwe unasitidwa pa makina amenewo.

5. Kuthandiza Mayi Brandvold kusamuka

Wapampando anati popeza zili chomwecho, komiti ithandize kutulutsa katundu lisanafike tsiku la 30 Epulo. Anadzipereka kubweretsa lole yawo. Anafunsa ngati pali katundu wovuta.

Mayi Brandvold anati chovuta ndi zovala zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Wapampando anati pakhomo pawo pali chikwangwani chonena kuti chovala chikatha masiku makumi asanu ndi anayi chimaperekedwa kwa osowa. Mayi Brandvold anavomera kuti chikwangwanicho chilipo, anachilemba ndi a Walt, koma iwo sanachitsatirepo. "Munthu akasiya chovala ndiye kuti amafuna kubwera. Ine ndine ndani kuti ndimuuze kuti sabweranso?" Anati kuchipinda cha kumbuyo kuli zovala 63, chilichonse ndi tikiti yake.

Wapampando anapempha kuti awerenge mndandanda kuti tione ngati eni ake ena tikuwadziwa. Mayi Brandvold anatulutsa kabuku m'chikwama n'kuyamba kuwerenga. Panali jekete ya mphunzitsi wa mbiri yakale amene anamwalira mu 2003. Panali diresi ya ukwati umene sunachitike. Panali taye yofiira ya Bambo Ferrante ya mu 1998, imene iwo anati akhala akunamizira akazi awo kuti ndiwo anaitaya.

Kenako anawerenga kuti: "Tikiti nambala 412. Mkanjo wakuda umodzi, ndi chipewa chake. Meyi 1986." Anaima pang'ono. "Achterberg, D."

Onse anatembenukira kwa Bambo Achterberg.

Pofuna kuti amene adzawerenge zolembedwazi m'tsogolo amvetse, Mlembi akufotokoza zimene akuluakulu a m'tauni muno akudziwa kale. Bambo Achterberg anaphunzira pa Koleji ya Tillson, woyamba m'banja mwawo, ndipo anakhoza mayeso onse. Kutatsala masiku awiri kuti mwambo uchitike, bambo awo anagwa pa makwerero akukonza denga la imodzi mwa nyumba zija. Tsiku la perete Bambo Achterberg anali kuchipatala ndi bambo awowo. Lolemba lake anaika maliro a bambowo. Digiri yawo inabwera pa positi, ndipo kuyambira pamenepo akhala akukonza madenga omwewo.

Bambo Achterberg anati, "Ndinakuuzani kuti muutaye. Chaka chomwecho ndinakuuzani."

"Unandiuzadi," anatero Mayi Brandvold. "Sindinamve."

Bambo Achterberg anafunsa ngati njenjete sizinaudye. Mayi Brandvold anaoneka okhumudwa ndi funsolo. Anati m'malo awo mulibe njenjete. Anati Meyi aliyense, akamaliza mikanjo ya ana a chaka chimenecho, amautsitsa, kuusita, n'kuubwezera pamalo pake. "Si ntchito yaikulu. Makina amakhala atatentha kale."

"Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu?"

"Bambo ako anabwera nawe tsiku limene unaubweretsa, wayiwala? Anandiuza kuti, 'Opal, uyu umusitire bwino, ndi woyamba kwathu.' Ndinawalonjeza. Sanandiuze kuti ndidzasiye liti."

Mayi Brandvold anaonjezera kuti sanawerenge dzinalo pofuna kusintha maganizo a munthu, koma kuti pofika pa 30 Epulo ayenera kudziwa kolowera mkanjowo. Mlembi wawadziwa Mayi Brandvold kwa zaka makumi atatu ndi zitatu ndipo sakudziwa ngati anachita dala kapena ayi. Akuganiza kuti ayi.

Bambo Achterberg anaimirira n'kunena kuti akukaona ngati anazimitsa magetsi a galimoto. Kunja kunali kusanade. Msonkhano unaima kwa mphindi zisanu ndi ziwiri. Bambo Ferrante anadula keke n'kuika chidutswa chachikulu pamalo pa Bambo Achterberg.

Atabwerera, Bambo Achterberg anapempha kuti mfundo yachinayi itsegulidwenso. Wapampando analola. Bambo Achterberg anati mawa m'mawa aimbira foni kampani ija kuiuza kuti makiyi idzalandira pa 1 Juni. Wapampando anawafunsa ngati aganiza bwino, popeza wogulayo atha kuchoka. "Akachoka achoke," anatero. "Nyumba zisanu ndi zinayi zopanda anthu, yakhumi idzandipha?" Kenako anatembenukira kwa Mayi Brandvold n'kufunsa motsitsa mawu ngati mkanjowo ungawakwanebe.

Mayi Brandvold anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka pamimba. "Sungakukwane. Koma ndinasunga nsalu yokulitsira."

Chigamulo chatsopano pa mfundo 4: Mayi Brandvold akhala m'nyumbayo mpaka pa 31 Meyi. Mikanjo yositidwa idzakhala 141.

Chigamulo pa mfundo 5: Kusamuka kudzachitika perete atatha. Mlembi ayese kufufuza eni zovala zotsalazo.

6. Zina ndi zina

Bambo Achterberg anati mwina akoleji sadzalola munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kuyenda ndi ana. Wapampando anati za pamwamba pa phiri ndi za koleji, koma kuyambira pachipata kutsika, msewu ndi wathu. Anagwirizana kuti Bambo Achterberg adzadikire pachipata n'kuyenda kumapeto kwa mzere. Mlembi akuona kuti potero iwo ndiwo adzakhale womaliza maphunziro wotsiriza wa Koleji ya Tillson kutsika Msewu Waukulu.

Bambo Ferrante anadzipereka kuwameta ulere tsikulo, akapeza chometa.

Bambo Achterberg anapempha kuti zimene zinachitika pa mphindi zisanu ndi ziwiri zija zisalembedwe molakwika ngati za tebulo. Mlembi anawatsimikizira kuti walemba kuti anakaona magetsi a galimoto, ndipo sakonza.

7. Msonkhano wotsatira

Lachiwiri, 9 Epulo 2024, nthawi ya 4 koloko madzulo. Mayi Brandvold anapempha kuti udzachitikire kumalo awo, kuti adzayeze Bambo Achterberg msonkhano ukatha. "Udzabwere utadya," anawauza, "ndisadzakuyeze wanjala n'kubwerezanso ntchito."

8. Kutseka msonkhano

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 5:25 madzulo. Pamasitepe a laibulale panali poterera ndi madzi oundana, ndipo Mayi Brandvold anakwera atagwira mkono wa Bambo Achterberg. Mbale ya keke ananyamula ndi Bambo Achterberg.

Zatsimikizidwa kuti ndi zoona:

Rudy Kowalczyk
Wapampando

Lorna Thibodeau
Mlembi