Mayi Constance Namakhwa ndi Khoma Lakumadzulo la ku Ginnery Corner

Kwa a Lackson Namakhwa, ana anu Thandi ndi Eliot, abale ku Nancholi, ndi onse amene munawadziwa malemuwa,

Ife a Bungwe la Mainjiniya la Mthunzi tadzidzimuka ndipo tasweka mtima pomva kuti mnzathu, Mayi Constance Namakhwa, atisiya Lachiwiri lapitali atadwala masiku ochepa chabe.

Kwa zaka khumi ndi zinayi, ntchito yawo inali kuyesa nyumba pa kompyuta isanamangidwe, kuti tidziwiretu mmene idzatenthere ndi magetsi amene idzadye poiziziritsa. Pa makoma a magalasi amene afala m'tauni muno, ambirife tinkangosakaniza zonse n'kulowetsa nambala imodzi yapakatikati, ya avereji, koma iwo ankawerengera galasi palokha, mafelemu a aluminiyamu paokha, mabolodi otsekera paokha, ngakhale titadandaula kuti akutichedwetsa. Ankangoseka n'kunena kuti, "Mu ofesimo simudzakhala avereji, bwana, mudzakhala anthu."

Apa ndiloleni ndilankhule pandekha. Pa nyumba yosanja ya ku Ginnery Corner, malemuwa anakana kusaina mapulani mpaka magalasi a khoma lakumadzulo atachepetsedwa, ndipo ine, poona kuti masiku akutithera, ndinawachotsa pa ntchitoyo anzawo akuona, n'kuwanena kuti ndi aliuma. Iwo anangondisiyira fayilo ya mawerengero awo patebulo. Titawerengeranso tinapeza kuti mafelemuwo akanalowetsadi kutentha koopsa, choncho tinamanga monga ananenera. Koma dzina lawo sindinalibwezere pa mapulani, ndipo zowapepesa ndinkangoti mawa, mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, lero ndikuchita manyazi.

Uthengawu ndikuulembera m'nyumba yomweyo, masana a Okutobala dzuwa likuswa mtengo, magetsi atazima kuyambira m'mawa, koma makalaliki okhala m'mbali mwa khomalo akugwira ntchito osadzikupiza ngakhale ndi pepala. Komiti yathu yagwirizana kuti dzina la malemuwa lilembedwe pakhomo pa nyumbayi.

M'malo mwa mamembala onse, tikulira nanu, ndipo tikupempha Mulungu akulimbitseni mtima ndi kukusungirani anawa. A Lackson, mawu amene ndinayenera kuwauza akazi anu ali moyo ndikuuza inu pamaso pa anthu onse: iwo sanalakwe, wolakwa ndinali ine.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Hilary Mpinganjira
Wapampando, Bungwe la Mainjiniya la Mthunzi
Blantyre